Sapulaya wanga wa ku Guangzhou wangoti zii, ndi chikhalidwe chawo kapena ndaberedwa?

MaiMabagi_A25
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi dandaulo, inu amene mumaoda katundu kunja mundithandize nzeru. Ine ndimaoda mabagi a azimayi kwa mnyamata wina wa pa fakitale ina ku Guangzhou, mzinda wa ku China, zonse timakambirana pa WeChat, app yawo yotumizirana mauthenga. Oda yapitayi ndinamuuza bwinobwino kuti ndikufuna akuda ndi a mtundu wa khofi, zipi zikhale zachitsulo, iye nkumangoti ok ok no problem my friend. Dipoziti ndinalipira, yotsala ndinamalizanso, katundu wafika ndikutsegula makatoni ndikupeza theka la mabagi ndi ofiira, zipi zonse zapulasitiki. Mtima unandiwawa, ndinalemba pa gulupu yathu pomwe pali iyeyo, abwana ake ndi ejenti wotumiza katundu kuti iwe ndiwe wabodza wandibera. Chilembereni munthu uja wangoti zii, olo kamoni komwe sakuyankha. Kodi anthu amenewa ndi mmene alili? Nanga kachitidwe ka geni ndi anthu a mitundu ina munthu umakaphunzira kuti, poti kusukulu sitinaphunzireko zimenezi?

Dobadoba_Original
Mami mwaberedwa basi, za chikhalidwe zikubwera pati apa? Wakuba ndi wakuba kaya wa ku Ndirande kaya wa ku Guangzhou kkkk

YiwuBoy
Asisi pepani ndi zomwe zachitikazo, koma ine sindikuona ngati mnyamatayo ndi wakuba. Wakuba sakanatumiza olo katoni imodzi, akanangodya dipoziti nkukublokani. Chomwe chimachitika kawirikawiri ndi chakuti anzathu ambiri kumeneko kukana pamaso pa kasitomala kumawavuta, nde akati no problem sikuti alonjeza ayi, akungonena kuti ndakumvani tiyeni tipitirize. Mwina chikopa cha khofi chinatha, m'malo mokuuzani iye anangosankha chomwe chinalipo poganiza kuti bola katundu anyamuke pa nthawi yake. Komanso musaiwale kuti ambiri mwa anyamata ogulitsawa Chingerezi chawo ndi cha pa app yomasulira, inu mukalemba ndime yaitali yopanda mpumiro app ija imangosakaniza zinthu.

Koma pomwe nkhani yavutira kwenikweni ndi pa gulupu paja. Mwamuchotsa ulemu pamaso pa abwana ake ndi pamaso pa ejenti, ndipo kwa iwo zimenezo ndi zazikulu kuposa ndalama ya mabagiwo. Akayankha pomwepo kuti ndinalakwitsa ndiye kuti wavomera pamaso pa bwana kuti ntchito saidziwa. Akakutsutsani ndiye wakangana ndi kasitomala pagulu. Nde wangosankha kukhala chete. Mulembereni kumbali, tumizani zithunzi za mabagi ndi screenshot ya pomwe munagwirizana, mawu ochepa, mufunse kuti tikonza bwanji. Kubweza ndalama musayembekezere kwambiri, ambiri amalola kukuchotserani mtengo pa oda yotsatira.

MaiMabagi_A25
Nde munthu wandilakwira ine, mpamba wanga wagona m'makatoni, ndiyambenso ineyo kumunyengerera? Achimwene zimenezo ndiye ayi.

YiwuBoy
Sikunyengerera asisi. Mukufuna ndalama yanu ibwerere kapena mukufuna iye amve kuwawa? Sankhani chimodzi poti zonse ziwiri simupeza.

AgogoAMaTelala
Kkkkk koma ine ndikuseka ndekha kuno. Tikudabwa Tchaina ngati ifeyo timanena kuti ayi? Pitani kwa telala aliyense mumsika wa Lilongwe ndi nsalu yanu Lachinayi mumuuze kuti ukwati uli Loweruka, akuuzani kuti musadandaule mami mawa masana ikhala itatha, chonsecho pansi pa mashini pali nsalu za anthu khumi. Kalipentala chimodzimodzi. Ukaitana munthu kumsonkhano akati "chabwino tiona" aliyense pano akudziwa kuti sabwera. Ifeyo timamvana chifukwa tinakulira momwemo, timamva pa kamvekedwe ka mawu kuti inde uyu ndi weniweni kapena ndi waulemu chabe. Mzungu akabwera kuno amasokonezeka ndi inde wathuyu mmene inu mwasokonezekera ndi wa ku Guangzhou.

Nyasa_Exporter
@AgogoAMaTelala mwalasa. Ine ndili mbali inayo, ndimagulitsa mbewu kunja osati kuoda, nde ndimaona mmene ifeyo timawazunguzira anthu. Ogula a ku Netherlands ndi ku Germany salankhula mozungulira. Ukatumiza sampulo ya mtedza akuyankha mizere iwiri, aflatoxin (poizoni wa chuku) yakwera sitigula, basi, opanda muli bwanji opanda pepani. Mnzanga wina amene timagwira naye ntchito atawerenga imelo yotero anati anthu awa ndi amwano tisiyane nawo, chonsecho munthu uja sanakwiye nkomwe, wangonena zomwe labu yapeza ndipo akudikira kuti utumize sampulo ina yabwino. Chomwe chimawakwiyitsa iwowo ndi chomwe ife timachiyesa ulemu. Kontena ichedwa ndi masabata awiri, iwe ukudziwa, koma ukuopa kumukhumudwitsa nde ukungokhala chete kudikira kuti mwina zitheka. Iye akadzazindikira yekha tsiku litadutsa, chikhulupiriro chathera pompo. Ukanamuuza msanga akanangosintha mapulani ake opanda vuto.

Ogula nandolo a ku India ndi ena. Kuyambira pomwe India inagwirizana ndi Malawi mu 2021 zoti izigula nandolo matani 50,000 pachaka ndakumana nawo ambiri ndithu. Amenewo mtengo woyamba sakhulupirira kuti ndi womaliza, kunenerera ndi mbali ya ubale, ukapereka mtengo umodzi nkuuma nawo amaona ngati sukufuna geni. Pomwe Mjeremani ukamupatsa mtengo wokwera kenako nkutsitsa kwambiri amayamba kukukayikira kuti poyamba paja umafuna kumubera. Katundu yemweyo, wogulitsa yemweyo, koma kalankhulidwe uyenera kusintha.

Dobadoba_Original
Zonsezi ndi zokometsera chabe. Zipi yachitsulo ndi yapulasitiki mtengo wake ndi wosiyana, ndalama yapakatiyo yapita kuti? Mundiyankhe pamenepo akuluakulu.

YiwuBoy
Pamenepo muli ndi mfundo man, sindikukana. Mafakitale ena amachitadi dala, makamaka ukawapanikiza kwambiri pa mtengo. Amavomera mtengo wako kenako nkukachotsera pa zipi, pa ulusi, pa nsalu yamkati. Ndi chifukwa chake olo muzimwa tiyi limodzi pepala lisamasowe. Anthu ambiri amalipira 30% poyamba, 70% yotsalayo amalipira katundu akaonedwa asanakwere sitima. Sampulo imodzi isale kwa inu ina kwa iwo, pa invoyisi palembedwe chilichonse, mtundu, saizi, zipi, ndi chithunzi chomwe. Ndipo osafunsa funso loyankha kuti inde kapena ayi. M'malo moti "mwamva?" muuzeni akutumizireni chithunzi cha chikopa ndi zipi zomwe agwiritse ntchito. Safunsa anadya phula.

Kariakoo_Queen
Ine za China sindinapiteko koma Dar es Salaam ndi kwathu kwachiwiri. Ku Kariakoo, msika waukulu wa mumzindawu, munthu amene walowa mu shopu nkuyamba ndi "iyi ndalama zingati" amulipiritsa mtengo wa mlendo. Umayamba moni, ngati ndi munthu wamkulu shikamoo, ufunse za kunyumba, za geni, kenako pang'onopang'ono nkufika pa zitenje. Olo Chiswahili chako chikhale chothyokathyoka amasangalala kuti ukuyesetsa, ukalankhula Chingerezi chokhachokha ena amaona ngati ukudzimva. Lachisanu masana mashopu ambiri a Asilamu amatseka kaye kupita ku mzikiti, mwezi wa Ramadan osamatafuna chipisi pamaso pa mwini shopu amene akusala. Ndipo chenjerani ndi nthawi yawo. Iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, nde akati saa nne asubuhi akunena 10 koloko m'mawa osati 4. Ndinaonapo mayi wina wa ku Mzuzu atadzuka usiku kukadikira lole pa malo opakira katundu kuli mdima bii, dalaivala nkudzafika dzuwa litakwera. Onjezeraninso kuti Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ukangowoloka pa Songwe usinthe wotchi.

Chipiku_Jnr
Nanga mawinga aja aku Kariakoo? Amakuthamangira ngati akukuthandiza kenako mtengo wakwera

Kariakoo_Queen
Mawinga ndi madobadoba akumeneko, alibe shopu, amadyera pamwamba pa mtengo. Koma osawanyoza pagulu, ungoti asante ndili ndi shopu yanga kale. Ukapeza mwini shopu mmodzi wokhulupirika umamatire, pakapita nthawi ayamba kukupatsa katundu pangongole ndi kukutumizira pa basi iwe uli ku Malawi konkuno.

Chipiku_Jnr
Koma abale tikukamba za moni ndi tiyi, vuto lenileni ndi forex. Dola ku banki kulibe, ukaipeza kunja mtengo wake ndi wina, chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mpamba wa anthu ambiri unathera pomwepo. Olo udziwe Chitchaina chonse popanda dola suoda kanthu.

Dobadoba_Original
Apa nde mwalankhula. Ndani ali ndi ma rand pano andipeze ku inbox

Mzimba_Heavy
Ukawerengera msonkho wa pa boda, thiransipoti ndi dola ya pamsika wakuda, bagi yomwe unagula motchipa ikafika ku Lilongwe yakwera kawiri, kasitomala nkumati mukutibera.

Admin_Geni265
Anzanga za kusinthana ndalama pano ayi, tinakambirana kale. @Dobadoba_Original chenjezo limenelo. Za forex zili ndi malo ake okambirana, tibwerere ku funso la mayi.

WakuJoni_Randburg
Ndiloleni ndiikepo za kuno. Ife a Malawi ku Johannesburg timadziwika kuti ndife aulemu ndi olimbikira ntchito, koma ulemu womwewo nthawi zina umatigwetsa. Kwathu mwana wolangizidwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso, amazolika, amalandira chinthu ndi manja awiri, salankhula mokweza. Bwana wachizungu kapena kasitomala wa kuno akaona ukuyang'ana pansi pomwe akukufunsa za ndalama amaganiza kuti ukubisa kanthu. Mnyamata wina wakwathu amene amapanga za mapaipi anataya ntchito yaikulu pa nyumba ina chifukwa chongoyankha yes boss yes boss pa chilichonse, mwini nyumba anaona ngati sakudziwa chomwe akuchita, ntchito nkupatsa munthu wina amene anamutsutsa kuti ayi paipi imeneyi siyikwana apa. Chinanso amafuna uziwatchula dzina lawo loyamba, munthu wa msinkhu wa bambo ako, pakamwa pamalemera koma ukazolowera zimatheka. Ndipo nkhani ya maliro ndiye imavuta kwambiri. Kwathu maliro a mwana wa amalume sungajombe, kuno ukati ndikupita kumudzi sabata yathunthu bwana amafunsa kuti kodi ndi bambo ako okubala? Uyenera kumufotokozera bwino ndi kusiya munthu pamalo pako, osangozimiririka foni nkuzima.

Nachisale_BT
Koma ine nkhani izi zikundivuta penapake. Chifukwa chani nthawi zonse ndife amene tiyenera kusintha? Tikapita kwawo tiphunzire zawo, akabwera kwathu tiphunzirenso zawo. Pali mashopu ena mtauni muno wantchito amakalipiridwa pamaso pa makasitomala ngati mwana, bwana wakhala kuno zaka zambiri koma olo muli bwanji samudziwa. Ulemu wa pagulu umene mukunenawo ndi wa iwo okha?

AgogoAMaTelala
Mwana wanga funso lako ndi labwino ndipo mkangano umenewu si wa lero. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linachotsa amwenye m'matauni ang'onoang'ono kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, mu 2012 amalonda a ku Karonga anadandaulanso za Matchaina mpaka boma linati amalonda akunja asamachite geni m'maboma akumidzi. Koma taonani amwenye amene anakhazikika ku Limbe, ambiri Chichewa amalankhula bwinobwino, kunenerera amanenerera m'Chichewa, maliro a wantchito wawo ena amapereka galimoto. Anaphunzira chifukwa geni yawo inadalira ife. Amene akufuna kanthu kwa mnzake ndi amene amayamba kuphunzira, lero ndife tikufuna mabagi ku Guangzhou.

Nachisale_BT
Agogo nanga iwowo sakufuna ndalama yathu? Kasitomala ndi mayiwa, fakitale ndi imene imayenera kuphunzira.

YiwuBoy
Akuifuna, koma tinene zoona, oda ya makatoni ochepa pa fakitale yomwe imadzaza makontena a ku America ndi ku Dubai ndi yaing'ono. Mphamvu yathu ndi yochepa, chomwe chimatikweza pa mzere ndi ubale basi. Koma pa za mabwana onyoza antchito ndikugwirizana nanu, chimenecho ndi nkhanza, tisachipatse dzina la chikhalidwe.

Mphunzitsi_Wakale
Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndichenjeze pang'ono. Tikuti Matchaina amatere, amwenye amatere, azungu amatere, ngati onse anabadwa m'nyumba imodzi. China ili ndi anthu oposa 1.4 biliyoni. Wa ku Guangzhou kwawo amalankhula Chikantoni, wa ku Yiwu ali ku chigawo china cha Zhejiang, mtsikana wa zaka 25 amene wakhala akugulitsa kwa anthu a ku Nigeria ku Xiaobei, dera la mu Guangzhou, kachitidwe kake sikangafanane ndi mdala mwini fakitale wa kumudzi. Zomwe tikuuzana panozi zikuthandizeni kudziwa poyambira, koma munthu amene muli naye pamaso panu mumuphunzire payekha.

Ndipo funso la mayi loti timaphunzira kuti, ine ndikuti tinayamba kale kuphunzira konkuno osadziwa. Amene anakagulako mpunga wa kilombero ku Karonga akudziwa kuti sungangoimika lole m'mudzi nkutulutsa sikelo, umayamba waonekera kwa amfumu, moni wa Chinkhonde kapena Chitumbuka pang'ono, anthu akudziwe kuti ndiwe wa kwa yani. Ku Mangochi sungaitanitse msonkhano wa asodzi Lachisanu masana. Mchewa wa ku Dedza akawoloka kupita ku Angonia chilankhulo ndi chimodzi koma mu ofesi mapepala ndi a Chipwitikizi ndipo pepala lopanda chidindo salilabadira. Luso lake ndi lomwelo, kuyamba waona mmene eni ake akuchitira, kufunsa munthu wakonko zomwe sukuzimvetsa, ndi kusathamangira kuganiza kuti wakunyoza pomwe mwina sanadziwe nkomwe kuti walakwa.

MaiMabagi_A25
Chabwino ndamva aphunzitsi. Koma ngati sakuyankha olo kumbali nditani? Ndinayesa kuimba dzulo madzulo osayankha.

YiwuBoy
Madzulo nthawi yanji? China ili patsogolo ndi maola 6, kuno 5 koloko madzulo kumeneko ndi 11 usiku, munthu wagona. Muziwapeza m'mawa wathu, kuno 8 koloko kumeneko 2 koloko masana. Ngati sakuyankhabe dzerani kwa ejenti uja. Ejenti wabwino ali ngati nkhoswe, banja likayambana simutukwanizana pabwalo, nkhoswe ndi imene imapita uku ndi uku mpaka aliyense atsike popanda kuchita manyazi. Iye alankhula naye m'chilankhulo chawo, amva chomwe chinachitika chenicheni, mwina mupeza kuti mnyamatayo analemba bwino koma olakwitsa ndi a ku mashini.

Mzimba_Heavy
Nanga mabagi ofiirawo mukugulitsa bwanji mami? Akazi anga amakonda zofiira kkkk

MaiMabagi_A25
Bwerani ku inbox bambo, ndikuchotserani poti zipi ndi yapulasitiki

Sister_Dorcas
Ine funso langa ndi lina koma likugwirizana. Ndikufuna kupita koyamba ku Canton Fair, chionetsero chachikulu cha malonda cha ku Guangzhou, ndamva kuti akakuitanira ku chakudya amakukakamiza mowa. Ine sindimwa, ndine wa mpingo. Ndikakana sakhumudwa? Nanga mphatso munthu umatenga chani?

YiwuBoy
Sakhumudwa mukanena poyambirira penipeni, chakudya chisanayambe, kuti simumwa chifukwa cha chipembedzo kapena thanzi. Ku Guangzhou ndi ku Yiwu anazolowera amalonda achisilamu ochokera ku maiko a Aluya nde si zachilendo kwa iwo. Chovuta ndi kulandira tambula yoyamba ya baijiu, mowa wawo waukali, kenako nkukana yachiwiri. Akamawombanitsa matambula inu kwezani wa tiyi kapena juwisi, wanu ukhale m'munsi pang'ono mwa wa munthu wamkulu. Chakudya chimenecho musachipeputse, mpomwe amakuonerani ngati ndinu munthu woti angayende naye, za mitengo zimabwera pambuyo. Lawani olo pang'ono chilichonse chomwe akupatsani, ndipo timitengo todyera tija osatizika mu mpunga choimirira, zimenezo amachita pa maliro. Khadi la bizinesi mulandire ndi manja awiri, apa ife a Malawi sitivutika tinazolowera kale, muliwerenge kaye osangoliponya m'thumba. Mphatso tengani za kwathu, khofi wa ku Mzuzu, tiyi wa ku Thyolo, mtedza wa makademiya. Wotchi yapakhoma ayi, kwa iwo imakumbutsa imfa, nambala 4 samaikondanso pomwe 8 amaiona ngati yamwayi.

Nyasa_Exporter
Ndiwonjezere za kalendala poti ambiri timagwa pamenepo. Canton Fair imachitika kawiri pachaka, kuyambira pakati pa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi, kenako pakati pa Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo imagawidwa magawo atatu, nde @Sister_Dorcas muonetsetse kuti katundu amene mukufuna ali gawo liti musanagule tikiti. Zovala, nsapato ndi mabagi zimakhala gawo lachitatu. WhatsApp ndi Facebook kumeneko sizigwira, WeChat muikiretu pafoni muli konkuno. Chaka chatsopano chawo chimagwa pakati pa kumapeto kwa Januwale ndi pakati pa Febuluwale, mafakitale amatseka masabata angapo antchito onse kupita kumidzi kwawo, ena sabwereranso, nde katundu wopangidwa mothamanga atatsala pang'ono kutseka kapena atangotsegula ndi amene amabwera ndi zolakwika zambiri. Sabata yoyamba ya Okutobala amapumanso. Amene mukufuna katundu wa Khrisimasi pa sitima kudzera ku Beira kapena Dar, oda ikhale itapita kale tchuthi chimenecho chisanafike.

Dobadoba_Original
Mwalemba mabuku koma ndalama ya zipi sinabwerebe. Ine ndidakali pomwepo.

Sister_Dorcas
Zikomo akuluakulu. Nanga munthu woona katundu asanakwere sitima amapezeka bwanji, ejenti yemweyo angathe?

YiwuBoy
Angathe koma bola akhale wina amene sadya komishoni ku fakitale komweko, apo ayi aziti zonse zili bwino. Mumuuze atsegule makatoni a pakati ndi a pansi osati a pamwamba okha, ajambule video akutsegula ndi kutseka zipi, inu muone ndi maso anu kenako mulipire 70% ija.